Opaleshoni ya khansa ya m'matumbo yatheka, nanga khansayo ibweranso?

Mayi wina wa ku Salima wandilembera imelo. Amuna awo, a zaka 56, anawachita opaleshoni ku Lilongwe mwezi watha. Anawadula chigawo cha thumbo lalikulu chomwe chinali ndi khansa, ndipo anawauza kuti matendawa apezeka msanga. Akufunsa kuti: "Kodi bambo akunyumbawa achiriratu? N'chiyani chimachititsa kuti ena akhale zaka zambiri pomwe ena matenda amawabwerera?"

Mayi, pepani ndi matendawa, koma limbani mtima. Khansa ya m'matumbo ikapezeka isanafalikire, ambiri amachira ndi opaleshoni yokha. Madokotala amatchula mlingo umene khansa yafika kuti siteji. Ku England, mwa anthu 10 opezeka nayo pa siteji 1, pafupifupi 9 amakhala adakali moyo patatha zaka 5. Pa siteji 2 amaposa 8, pomwe pa siteji 3 amakhala 6 kapena 7.

Koma siteji yeniyeni sidziwika ndi maso pa tsiku la opaleshoni ayi. Chidutswa chimene anadulacho chimapita ku labotale, ndipo zotsatira zake n'zimene zimanena zoona. Apa m'pamene mabanja ambiri amataya mwayi. Bala likapola, wodwala n'kuyamba kudya nsima bwinobwino, onse amati zatha, pepala la zotsatira lija osalitsatanso. Chonde, mayi, kalifunseni, ndipo dokotala akufotokozereni mpaka mumvetse. Khansayo inalowa mozama bwanji m'khoma la thumbo? Kodi m'mphepete mwa chidutswacho munali moyera, kusonyeza kuti sanasiyeko kanthu? Nanga anabere? Awa ndi timibulu tija timatupa m'mphechepeche munthu akakhala ndi chilonda kuphazi. Timapezekanso mozungulira matumbo, ndipo khansa ikayamba kuyenda imafikira mmenemo. Pamafunika kuti tiyezedwe tosachepera 12. Kamodzi kokha kakapezeka ndi khansa, ndiye kuti ndi siteji 3.

Zikatero opaleshoni payokha sikwanira, pamafunikanso mankhwala a khansa aja amati kemo. Ena a siteji 2 nawonso amapatsidwa, makamaka ngati thumbo linali litatsekeka kapena kubooka. Mankhwalawa amathandiza kwambiri akayambika pasanathe masabata 8 chichitireni opaleshoni. Poti mwezi wadutsa kale, musadikire kuti mpaka akuyimbireni foni. Ndipo ngati kemo akufunika, zitsamba sizingalowe m'malo mwake, ngakhale achibale atakukakamizani chotani.

Khansayi ikati ibwerere, nthawi zambiri imatero m'zaka zitatu zoyambirira, ndipo imakonda kukamera pachiwindi kapena m'mapapo. N'chifukwa chake amakupatsani madeti okaonana ndi dokotala, kuyeza magazi pofufuza CEA (chinthu cha m'magazi chimene chimatha kukwera khansa ikabwerera) miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi iliyonse, kujambula m'mimba ndi m'chifuwa, komanso kuunika m'thumbo ndi kachubu ka kamera chaka chikatha. Ndikudziwa kuti ulendo wa makilomita pafupifupi 100 wopita ku Kamuzu Central si wapafupi, makamaka m'dzinja ndalama zikathera ku feteleza. Komabe ndikanakonda banja lonse lisonkherane ya thiransipoti kusiyana n'kuphonya deti. Chotupa chikabwerera n'kupezeka chidakali chaching'ono, nthawi zina chimatheka kuchotsedwanso.

Kuno kunyanja munthu akaona magazi m'chimbudzi timathamangira kunena kuti ndi likodzo kapena kamwazi. Kwa bambowa musaganize choncho. Magazi, kuwonda popanda chifukwa, m'mimba mosaleka kupweteka, maso achikasu, zonsezi n'zopita nazo kuchipatala sabata yomweyo, mutanyamula buku lawo lakuchipatala.

Pakhomo napo pali zochita. Kafukufuku wamkulu amene anatuluka mu 2025, wochitika makamaka ku Canada ndi ku Australia, anaonetsa kuti odwala amene ankalimbitsa thupi mokhazikika atamaliza kemo khansa inkawabwerera mochepa. Choncho musawasunge pamkeka tsiku lonse chifukwa chowamvera chisoni. Dokotala akavomereza, aziyenda ndawala m'mawa dzuwa la ku Salima lisanawawe. Fodya ndi mowa asiye. Soseji ndi nyama yofiira achepetse, azidya mgaiwa, nyemba, masamba ndi usipa. Ngati amamwa mankhwala a shuga, a BP kapena ma ARV, asadukize.

Muwauzenso ana anu ndi abale awo a bambowa a bere limodzi. Khansayi nthawi zina imakhala ya kumtundu, ndiye akamafika zaka 40 akauze dokotala kuti kwawo kunapezeka matendawa, kuti nawonso awaunike.