Nkhwazi ilipo, koma mnzake wa m'dambo akutha

Mphunzitsi wina wa ku Nkhotakota wandilembera kufunsa kuti pakati pa nkhwazi ndi mbalame ija yaitali miyendo, yokhala ndi nthenga zonga chisoti chagolide pamutu, imene pa Chingerezi amaitcha grey crowned crane, ndi iti imene ili pangozi yakutha. Aphunzitsi, funso lanuli landilasa mtima, chifukwa ineyo ndili ndi mlandu pa nkhaniyi.

Ndili mnyamata, malume anga ankalima mpunga m'dambo lina chakufupi ndi Dwangwa, ndipo chaka china tikuswa mphanje tinapeza chisa cha mbalame ya chisoti ija pansi penipeni, pakati pa udzu wonyowa, muli mazira atatu. Tinawaphika tsiku lomwelo eni ake awiri akulira chapatali, ndipo dzinja lotsatira sitinawaonenso m'dambomo. Nkhwazi imene inkakhala mu mtengo waukulu m'mbali mwa nyanja palibe anaisokoneza, pakuti chisa chake chili kutali ndi khasu, moto ndi agalu, ndipo imabwerera pachisa chomwecho chaka ndi chaka.

Ena amati nkhwazi yapulumuka chifukwa cha ulemu, popeza ili pa chizindikiro cha dziko la Malawi ndi pa mbendera ya Zambia. Ine ndikukana, chifukwa mnzakeyo ali pa mbendera ya Uganda koma akuthabe. Imene imaikira mazira pansi imafa pamodzi ndi dambo lake, ndipo ife madambo timawaona ngati malo ongokhala, oyembekezera mpunga, nzimbe ndi ng'ombe. Sindikunyoza mlimi, pakuti mpunga womwewo ndi umene unandilipirira sukulu, koma kulima mpaka m'bango osasiyako ngakhale kachigawo ndi kulakwa. Nyanja ya Chilwa ndi dambo la Elephant Marsh, limene linalembedwa mu 2017, zili pa mndandanda wa pangano la Ramsar loteteza madambo, ndipo ndimalakalaka madambo a Chia ku Nkhotakota ndi Mpatsanjoka ku Salima atasamalidwa chimodzimodzi.

Yankho lanu

Bungwe loteteza zachilengedwe pa dziko lonse la IUCN limaika nkhwazi m'gulu la mbalame zosadetsa nkhawa, pamene ya chisoti ija inalowa m'gulu la zimene zili pangozi yakutha mu 2012, chifukwa cha kuwonongeka kwa madambo, poizoni wa m'minda ndi kugwidwa kwa anapiye ake kukagulitsa. Ana a sukulu muwauze kuti akapeza chisa m'dambo asatole mazira, ndipo mukambirane ndi amfumu kuti malo amenewo asatenthedwe kapena kulimidwa mpaka anapiye atauluka.