Chovuta n'chiti, kumwezi kapena pansi pa nyanja?

Funso: Akonzi, tinatsutsana pa bawo, anzanga akuti kufika pansi pa nyanja nkovuta kuposa kupita kumwezi, zoona zimenezi? Wowerenga, Nkhotakota

Yankho: Achimwene, anzanuwo musawatsutse kwambiri. Challenger Deep, malo ozama kuposa onse m'nyanja, ku nyanja yamchere ya Pacific, ndi yakuya pafupifupi makilomita 11, pomwe nyanja yathuyi imalekezera pa mamita 700 basi. Kumeneko kuli mdima wa ndiweyani, madzi amapanikiza kupitirira ka 1,000 poyerekeza ndi mpweya wakuno, wailesinso sigwira, sitima yoyenda pansi pa madzi ikangochita mng'alu pang'ono yaphwanyika. Jacques Piccard ndi Don Walsh anafikako mu 1960, anakhalako mphindi 20 zokha, ndipo zimandipweteka kuti panadutsa zaka 52 osabwererako munthu mpaka James Cameron mu 2012. Koma kumweziko mtunda ndiye nkhani, makilomita 384,000, mpake anapondako ndi anthu 12 okha, kuyambira 1969 mpaka 1972.