Musiyeni asakanize, koma Chimandarini musachitaye

Mayi anzanga, mwafunsa ngati ndi vuto kuti mwana wanu amasakaniza zilankhulo zitatu polankhula. Mtima m'malo. Mwana wa zaka 3 kusakaniza Chipwitikizi, Chingerezi ndi Chimandarini (Chitchaina chomwe anthu ambiri ku China amalankhula) m'chiganizo chimodzi si matenda, ndipo musamusiyitse chilankhulo chilichonse poganiza kuti mukumupeputsa.

Ndinagwirapo ntchito pasukulu ina yamkaka ku Macau, dera lina la ku China, komwe Chipwitikizi ndi Chitchaina ndi zilankhulo za boma. Kamtsikana kena kankabwera kapu ili m'manja n'kumati "quero more shui", kutanthauza kuti kakufuna madzi ena. Mawu atatu, zilankhulo zitatu! Mutu sunali wosokonezeka ayi, mawu akasowa uku kankangobwereka uko. Koma agogo ake, omwe ankadziwa Chimandarini chokha, akabwera kudzakatenga, kusakanizako kunkachepa zedi. Ana amadziwa amene akulankhula naye.

Akasakaniza musamukalipire. Ingobwerezani zimene wanenazo bwinobwino m'chilankhulo chanu, n'kumupatsa madziwo. Chimene chimafooka msanga ndi chomwe amachimva pang'ono, ndipo poti mwati Chimandarini amachimva kwa bambo ake okha, ndiye chofunika kuchisamala. M'Chimandarini mawu oti "ma" angatanthauze mayi kapena hatchi malinga ndi mmene mwakwezera kapena kutsitsira liwu, choncho khutu lizichimva tsiku ndi tsiku, kaya m'nyimbo kaya pocheza ndi agogo pafoni.

Koma ngati inu apabanja simukumva zambiri zimene akunena m'zilankhulo zonse zitatu, kapena akuiwala mawu amene ankawadziwa, kapena satembenuka mukamuitana, pitani naye kuchipatala akamupime makutu, komanso aonane ndi katswiri wa kalankhulidwe ka ana.