Za nyambo posaka agwape ku Michigan

Achimwene, mwafunsa ngati ndi zololedwa kuthira chimanga m'nkhalango kuti mukope agwape, popeza anzanu a kuntchito akuitanirani ku ulenje mu November. Ku America nkhaniyi ilibe lamulo limodzi, chifukwa boma la dera lililonse limaika malamulo ake. Ku Texas alenje amaika migolo yomwaza chimanga pa malo a eni ake popanda mlandu, pamene ku New York kuchita zomwezo n'kuphwanya lamulo. Kwa inu amene muli ku Lansing, kumunsi kwa Michigan, nyambo inaletsedwa kuyambira pa 31 January 2019. Kumtunda kokha, ku Upper Peninsula, ndiko amalola, koma osapitirira magaloni awiri, pafupifupi malita 7.5, ndipo ayenera kumwazidwa pabwalo lotambasuka.

Gwero la chiletsochi ndi matenda. CWD, nthenda yowononga ubongo wa agwape yomwe inazindikiridwa koyamba ku Colorado mu 1967, inapezeka mwa gwape wam'tchire ku Ingham County mu 2015, pakhomo panu penipeni. Imafala kudzera m'malovu, mkodzo ndi ndowe, ilibe mankhwala, ndipo choyambitsa chake chimakhala m'dothi kwa zaka zambiri. Agwape khumi akamanyambita mulu umodzi wa chimanga usiku ndi usiku, mmodzi wodwala akhoza kupatsira anzake. Kumpoto chakum'mawa kwa chigawo chakumunsichi kulinso vuto la chifuwa chachikulu cha ng'ombe, chomwe chimagwiranso agwape, ndipo alimi a ziweto amachiopa kwambiri. Kunena zoona, ifenso amene tinakulira pa nsima sitimva bwino kuona thumba la chimanga likutayidwira nyama zakutchire.

Kusaka popanda nyambo n'kotheka ndithu, kungoti kumafuna miyendo ndi maso. Pitani m'nkhalangomo milungu ingapo nyengo ya mfuti isanatsegulidwe pa 15 November, mufufuze mitengo ya white oak yomwe ikugwetsa zipatso, popeza agwape amazikonda kuposa za red oak zomwe zimawawa. Yang'anani timitengo tosupuka makungwa pamene tonde wakhala akukhuza nyanga, ndiponso malo amene wapalasa masamba mpaka dothi kuonekera pansi pa nthambi yolendewera. Mukapeza njira yochokera kumene amagona kupita kumene amadya, khalani chapambali pake mbandakucha kapena dzuwa likupendeka, mphepo ikuwomba kuchokera kwa nyama kubwera kwa inu, chifukwa gwape amamva fungo la munthu asanamuone.

Malamulowa amasinthidwa kawirikawiri, choncho pogula laisensi werengani kabuku ka chaka chino ka DNR, nthambi ya boma la Michigan yoona za chilengedwe, ndipo musanakhale pamalo alionse funsani anzanuwo ngati wina anathirapo kale chimanga kapena mchere, popeza wogwidwa akusaka pafupi ndi nyambo ndiye amene amayankha mlandu.