Uvuni wa njerwa umene unamera udzu

Pa makalata onse amene ndalandira pa imelo mwezi uno, imodzi yokha ndiyo inandidzutsa pampando. Achimwene ena amene amagwira ntchito m'sitolo pa boma la Ntcheu alemba kuti Januwale aliyense amalumbira kuti asunga ndalama zomangira nyumba, koma pofika Malichi m'thumba mumakhala muli mbee, ndipo akufunsa kuti kodi munthu amaphunzira bwanji kudziletsa. Nditaiwerenga ndinapita kuseri kwa nyumba imene ndimakhala kuno ku Bembeke, n'kuima pamalo pamene uvuni wanga wa njerwa unakhala zaka 3 osakhudzidwa.

Achimwene, musaganize kuti mwalembera katswiri. M'chaka cha 2020, nditakolola mbatatesi n'kuigulitsa bwino, ndinalemba anyamata aganyu kuti andiumbire njerwa, ndipo mu Seputembala tinaotcha uvuni usiku wonse, anthu odutsa akunena kuti aphunzitsi ayamba chitukuko. Mawu amenewo anandikomera kwambiri, mwinanso kuposa nyumba imene ndinkafuna kumangayo, ndipo lero ndimaona kuti kugwa kwanga kunayambira pomwepo, popeza ndinalandira ulemu wa womanga nyumba ndisanakumbe n'komwe maziko. Chimene chinatsala chinali simenti, matabwa ndi malata, ndipo ndinapangana ndi mtima wanga kuti mwezi uliwonse ndizipatula gawo la malipiro n'kulisunga mufoni.

Ndalama ya mufoni ilibe chitseko. Mlamu akaimba usiku kuti mwana watentha thupi, chala chimatumiza mutu usanaganize. Kukagwa maliro, kukakhala chinkhoswe, mnzako wa kuntchito akapempha kuti umubwereke mpaka mwezi ukatha, zonsezo zimalowa pakhomo lomwelo. Koma ndingakhale wabodza nditati abale okha ndiwo anandidyera, chifukwa kanyenya wa pa Chimbiya ndinkagula ndekha, mabandulo a intaneti oonera mpira ndinkagula ndekha, ndipo jekete lachiwiri limene ndinatola pa kaunjika silinali la mlamu. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo pusiyo anali ine.

Uvuni uja unadikira. Mvula yoyamba inasungunula njerwa za pamwamba, yachiwiri inameretsa udzu m'ming'alu, ndipo pofika yachitatu nkhuku ya mayi a kunyumba inali ikuikira mazira m'kamwa mwa uvunimo, mmene tinkasonkhezera nkhuni. Anansi anayamba kubwera mwaulemu kudzapempha njerwa 20 zokonzera bafa, ena 50 zomangira manda, ndipo ine ndinkalola, chifukwa munthu amene sakumanga alibe pakamwa pokanira. Tsiku lina mwana wanga wamkazi anandifunsa ngati chuluchi chili ndi chiswe, ndipo sindinamuyankhe.

Musaganize kuti sindinayesepo zimene anthu amalangizana pa Facebook, zoti wofuna kutukuka azidzuka folo koloko m'mawa, alembe zolinga zake m'kope ndi kulimba mtima. Ndinagula kope lachikuto cholimba, ndinatchera alamu, ndipo ndinayamba mu Juni. Amene anagonapo ku Dedza mu Juni akudziwa kuti nthawi imeneyo chifunga chimafika pakhonde ndipo madzi a m'ndowa amaluma zala. Ndinatha masiku 9. Kopelo ana analitenga n'kumalemberamo masamu, ndipo ndikhulupirira kuti ndi pamene linagwira ntchito yeniyeni. Ndikunena mosabisa kuti malangizo oterewa ndimadana nawo, chifukwa amauza munthu kuti vuto lake ndi mtima wofooka, ndiye akalephera amadzinyoza, ndipo munthu wodzinyoza amawononga ndalama msanga kuposa wina aliyense pofuna kudzitonthoza. Mtima wa munthu sulimba tsiku lililonse. Amene amadalira kulimba mtima pa ola limene yesero lafika amakhala atagonja kale, popeza yeserolo limasankha tsiku limene watopa, wakwiya kapena walandira kumene.

Chimene chinanditsegula maso chinali kugwa kwa kwacha. Mu Meyi 2022 ndalama yathu inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inachepetsedwanso ndi 44 peresenti, kotero kuti kandalama kamene ndinakapulumutsa movutikira kanangosanduka nambala, mtengo wa simenti ndi malata utathawa. Ndinapita kukadandaula kwa azakhali anga ku Lizulu, amene akhala akugulitsa kabichi ndi tomato m'mbali mwa msewu wa M1 kuyambira ndili mwana, ndipo ngakhale sanapite patali ndi sukulu, amagona m'nyumba ya malata imene anamanga okha. Anandimvetsera akusankha tomato, wakupsa uku, wosapsa uko, kenako anati: “Aphunzitsi, ndalama ili ndi miyendo, koma lata lilibe.” Anandiuza kuti iwo sanasungepo ndalama ya nyumba ngakhale usiku umodzi. Tsiku la msika likawayendera bwino ankagula lata limodzi dzuwa lisanalowe, n'kukalisiya kwa alongo awo, amene anali munthu woopsa moti palibe akanayerekeza kukalitenga popanda chifukwa chomveka, ngakhale mwini wake yemwe.

Anandikumbutsanso za banki mkhonde, imene ife amuna ophunzira tinkaipeputsa kuti ndi ya amayi. Bokosi lake limakhala ndi maloko 3, makiyi ali kwa anthu atatu osiyana, ndipo wosunga bokosi alibe kiyi ngakhale imodzi. Wochedwa kumsonkhano amalipira chindapusa, ndipo ndalama zimagawidwa pa nthawi imene gulu linapangana, kawirikawiri pakatha chaka. Amene anakonza dongosolo limeneli sanayembekezere kuti mamembala adzakhala angelo. Anadziwa kuti munthu aliyense, ngakhale mkulu wa mpingo, ali ndi tsiku lake lofooka, choncho anaika maloko ndi maso a anzake pakati pa dzanja lake ndi ndalamayo. Kumeneko ndiko kudziletsa kumene ine ndakuona kukugwira ntchito: kudzimanga wekha pa tsiku limene mutu uli bwino, kuti pa tsiku loipa upeze kuti njira yatsekeka.

Za abale ndinene mosamala, chifukwa sindikufuna kuti wina anene kuti ndikuphunzitsa umbombo. Matenda ndi maliro si zopeka, ndipo amene sathandiza anzake adzadziika yekha m'manda. Komabe ambiri a ife sitipereka chifukwa cha chifundo chokha, timapereka poopa kunenedwa kuti tayamba kudzimva, ndipo mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ine tsopano ndimapatula kandalama ka mavuto a pachibale mwezi uliwonse, ndipo kakatha ndimanena kuti ndilibe, mawu amene amakhala oona, popeza yotsalayo imakhala itasanduka kale lata. Poyamba ena anandikwiyira. Mlamu uja anakhala miyezi iwiri osandipatsa moni wabwino, koma ndi yemweyo amene anabwera ndi wilibala pamene tinkakumba maziko.

Tsono inu mutani, achimwene?

Lekani kulumbira mu Januwale, ndipo musauze anthu ambiri za nyumbayo, kupatula munthu mmodzi amene mumamuopa. Tsiku limene mwalandira malipiro, musanafike kunyumba, gulani chinthu chimodzi chosawonongeka, monga lata, misomali kapena felemu ya zenera, n'kukachisiya kwa munthu ameneyo. Simenti musayambe nayo, chifukwa ikakhalitsa pachinyezi imauma n'kukhala mwala. Ngati pafupi nanu pali gulu la banki mkhonde la anthu amene mumawadziwa bwino, lowani. Mwezi wina mudzalephera ndithu, ndipo zikatero musayambe kuwerengera zakale kapena kudikira chaka chatsopano, mungogula mwezi wotsatirawo.

Ine njerwa zimene zinapulumuka sizinakwane, moti ndinaumbitsa zina zoonjezera, ndipo khoma lafika pa mawindo. Kwa azakhali ku Lizulu kuli malata anga 19, ndipo mmisiri akuti pakufunika 26. Mwezi watha sindinagule chifukwa kwathu kunagwa zovuta, ndipo azakhali aimba kale foni kawiri kufunsa kuti lata la mwezi uno lifika liti, choncho Loweruka likudzali ndikwera minibasi ya m'mawa.