Mwana watentha thupi atabayitsa katemera wa chimfine

Mayi wina wa kwa Kamwendo ku Mchinji wandilembera imelo. Mwana wake wa zaka 2 anakamubayitsa katemera wa chimfine kuchipatala cholipira ku Lilongwe, usiku womwewo thupi moto. Akufunsa ngati analakwitsa.

Amayi, simunalakwitse. Koma funso lanu landikumbutsa mwana wanga wachiwiri. Anali ndi miyezi 9, atabayidwa katemera wa chikuku kusikelo, ndipo patapita masiku awiri thupi linayamba kutentha. Apongozi anga anati ndi jakisoniyo, zitha zokha. Ine ndinangovomera, poti linali dzinja, msewu uli matope okhaokha, akabaza akukana. Tinakhala masiku atatu tikumupukuta ndi kansalu konyowa. Tsiku lachinayi anakomoka ali kumsana kwanga, maso atatembenuka. Kuchipatala atamubaya pachala anapeza malungo, n'kutigoneka. Anachira, koma ndikakumbuka ulendo umenewo mtima umandipwetekabe.

N'chifukwa chake mawu oti "ndi katemera basi" ndimadana nawo. Inde katemera amatenthetsa thupi, poti thupilo limakhala likuphunzira kulimbana ndi kachilombo. Koma udzudzu sufunsa ngati mwana wabayidwa dzulo. Si pachabe kuti Mchinji inali m'gulu la maboma oyamba kulandira katemera wa malungo mu 2019. Enanso ondikwiyitsa ndi awa a pa WhatsApp, amene akufalitsa zoti jakisoni wa chimfine amapatsa mwana chimfine. Bodza limenelo! M'jakisonimo mulibe kachilombo kamoyo. Anthu omwewo akamaopseza amayi chonchi, mawa ena amajomba ndi kusikelo komwe, chikuku n'kutibwerera m'midzi.

Nanga mutani?

Kutentha kwa katemera wa chimfine kumayamba tsiku lomwelo n'kutha pa tsiku limodzi kapena awiri. Mpatseni panado molingana ndi kulemera kwake, osati asipirini, muvuleni zovala zokhuthala, azimwa pafupipafupi. Koma ndikanakhala ine, ndikanakamuyezetsa malungo mawa lomwe, osadikira. Akakomoka, akamasanza chilichonse, akakana kumwa, akalefuka kapena kubanika, nyamukani ngakhale pakati pa usiku. Mutenge buku lake la kuchipatala, chifukwa katemera wa chimfine sali pa ndondomeko ya kusikelo za boma, ndiye adokotala muwauze tsiku lenileni limene anabayidwa.