Malo onsewa angokhala, bwanji osamangapo mahositelo?

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Balaka. Anaperekeza mwana wawo ku yunivesite ina ya boma, hositelo osaipeza, mpaka kukamupezera kachipinda ka lendi m'mudzi wapafupi. Funso lawo n'lakuti: "Pasukulupo ndinaona kapinga ndi mitengo paliponse. Bwanji osangomangapo mahositelo kuti ana athu asamavutike?"

Mayi, pepani ndi zomwe munakumana nazo. Koma malo amene munawaonawo nthawi zambiri amakhala ali ndi mwini kale papepala. Yunivesite yolongosoka imakhala ndi pulani yaikulu ya zaka 20 kapena 30, yosonyeza pomwe padzakhale laibulale, malabu, misewu, mabwalo a masewero ndi pomwe sipadzamangidwa kanthu mpaka kalekale. Ukamanga hositelo pamalo pomwe panasungidwira labu, mawa labuyo ikakhala kutali, ndipo mwana wanu azidzathamanga kuti apeze kalasi yotsatira. Olemba mapulani amayesetsa kuti wophunzira aziyenda mphindi 10 zokha kuchoka pa kalasi ina kufika pa inzake, ngakhale amene ali pa njinga ya olumala.

Taonani mbiri yathu. Chancellor College inayambira ku Chichiri mu Blantyre mu 1965, kenako inasamukira ku Chirunga ku Zomba mu 1973, komwe kunali malo otakasuka. MUST, yomwe inatsegulidwa mu 2014 ku Ndata m'boma la Thyolo, nayo inachita kujambulidwa isanamangidwe. Ya Mzuni, yunivesite ya ku Mzuzu, ndi nkhani ina: inalowa m'nyumba zomwe kale zinali koleji ya aphunzitsi ku Luwinga, ophunzira oyamba n'kufika mu 1999. Nyumba yobwereka umaikonza mmene unaipezera, n'chifukwa chake nkhani yoti Mzuni ikamange pamalo ena ku Choma yakhala ikumveka. Nanga Poly, yomwe lero ndi MUBAS? Tauni inaizungulira pa Ginnery Corner, moti kukula kwake n'kokwera m'mwamba kapena kusaka malo kwina.

Chomwe anthu sachiona, ndipo ine ndimachitenga kukhala mutu weniweni wa nkhaniyi, chili pansi pa nthaka. Hositelo si njerwa ndi malata okha. Ana 500 akalowamo, m'mawa uliwonse amafuna madzi osamba nthawi imodzi, zimbudzi zimagwira ntchito nthawi imodzi, madzulo aliyense watchaja foni ndi laputopu, ena abisa kahotipuleti kunsi kwa bedi (tisanamizane, tonse tikudziwa). Ngati mapaipi, thanki, madamu a suweji ndi thiransifoma zinayezedwa poganizira ana 1,000, simungawonjezere ena popanda kukumba kaye. Walira mvula walira matope. Vuto n'lakuti palibe wandale amene amakonda kudula riboni pa paipi ya suweji, ndiye ndalama zake zimasowa.

Kapinga winayo ndi njira ya madzi. Aliyense amene anaona zomwe namondwe Freddy anachita ku Blantyre mu Malichi 2023 sangafunsenso chifukwa chake khwawa amalisiya. Palinso moto: laibulale ya Mzuni inapsa mu Disembala 2015, ndipo nyumba zikathinana galimoto yozimitsa moto ilibe polowera.

Komabe, Mayi, sindikukutsutsani kotheratu. Chiwerengero cha ophunzira chakwera msanga kuposa mabedi, ndipo pulani yopanda ndalama imangodyedwa ndi chiswe mu kabati. Ku Mzimba mwala wa maziko a yunivesite ya Mombera unaikidwa mu 2015, zaka n'kumadutsa ophunzira osalowa. Choncho mukadzapitanso, musafunse za kapinga. Funsani akuluakulu a sukuluyo kuti pulani yawo inaika mahositelo pati, gawo lotsatira likuyamba chaka chiti, ndipo adzalipire ndani: boma, ngongole, kapena wabizinesi womanga n'kumatolera lendi. Ngati ndi wabizinesi, funsaninso kuti bedi lizidzakhala ndalama zingati pa semesita.